Sabuwufa Ikayamba Kunong'ona

Kuno ku Chifunde galimoto imayamba kumveka isanaoneke. Sindikunena injini ayi. Ndikunena chibokosi chija amachibisa pansi pa mpando wakumbuyo, chimene anyamata amachitcha sabuwufa, ena amangoti wufa. Munthu akupalira m'munda mwake m'mbali mwa msewu wa N9, uja umachokera ku Tete n'kukathera pachipata cha Cassacatiza, amadziwa kuti chapa, minibasi ija ya uje, yadutsa chifukwa cha du! du! du! wogunda pachifuwa. Woimbayo samveka, gitala samveka. Chimafika patali ndi besi yokha, chifukwa mafunde ake ndi aatali: pa 50 Hz funde limodzi limatalika pafupifupi mamita 7, ndipo malata a galimoto kapena khoma la njerwa sizilitchinga monga zimatchingira timawu topyapyala.

Zambiri mwa zibokosizi zinagulidwa chaka chimene fodya anayenda bwino pamsika. Fodyayo anasutidwa kalekale kumaiko akutali, koma chibokosi chikadali m'galimoto, chikumwa fumbi la misewu ya ku Mualadzi ndi ku N'sadzu, chikupsa ndi dzuwa la Okutobala. Tsiku lina chimayamba kunong'ona. Apo m'pamene eni ake amatulukira patsinde pa mtengo wa mango pamene pamagwirira ntchito mmisiri wina wa zamagetsi a galimoto. Ine, pokhala munthu wokonda mthunzi ndi nkhani za eni, benchi ya pamenepo ndi yanga.

* * *

Amalume ake enieni a mmisiriyo anafika nkhope ili gwa, n'kunena kuti nkhaniyi si ya sipanala. Galimoto yawo inkagwedeza msika wonse, lero ikungoti fuu, fuu. Iwo anali atadziwa kale kuti pali dzanja la munthu, ndipo anali atapita kale kwa sing'anga, amene analandira tambala woyera n'kuwapatsa kachithumwa komangirira kuchiwongolero. Besi sinabwerere. Tambalanso sanabwerere.

Mmisiri anatulutsa bokosi n'kukhudza ndi chala mkombero wa siponji umene umazungulira koni, mbale ija imavina kumaso kwa sipika. Unangoyoyoka, pachala n'kutsala ufa wakuda. Mkombero umenewu ndi umene umagwira koni kuti iziyenda molunjika, komanso umatsekera mpweya wa m'bokosi. Wa siponji umawola ndi kutentha ndi chinyezi, ndipo ukang'ambika mpweya wakumbuyo umathamangira kutsogolo n'kukafafaniza zimene koni yakankha. Sipika imavina ndithu, koma mawu palibe. Wa labala umapirira kwambiri, ndipo kumata mkombero watsopano n'kotchipa kusiyana ndi kugula sipika ina, bola koyilo, waya wokulungidwa wa m'kati mwa sipika, ikhale yamoyo.

"Ndiye wandichita zimenezi ndani, mphwanga?"

"Dzuwa, amalume. Dzuwa ndi zaka."

Amalume anayang'ana kumwamba kwa kanthawi, diso limodzi atatsinzina.

"Chabwino. Nanga dzuwalo walituma ndani?"

* * *

Wina wa pikapu anatuluka pa Cassacatiza, n'kudutsa Chanida mpaka ku Katete, n'kubwerako ndi sabuwufa yachiwiri. Masamu ake anali osavuta: imodzi ikafooka, ziwiri zigwetsa mango mumtengo. Analumikiza yekha usiku akuunika ndi tochi ya pafoni. M'mawa atayatsa, besi inachepa kuposa pamene inali imodzi. Akachotsa yatsopano, yakale inkalira bwinoko. Akachotsa yakale, yatsopano inkabangula. Akaziphatikiza, zii.

"Amisiri, izi ndikuzidziwa ine," anatero. "Ndi mitala iyi. Kwathu zili chimodzimodzi. Aliyense payekha ndi munthu wabwino."

Mmisiri sanatsutse. Anachotsa mawaya ku ampu, kabokosi kokuza mphamvu yopita ku sipika, anatenga kabatire ka tochi ka 1.5 V, n'kugunditsa mawaya a sipika yoyamba: koni inatulukira kunja. Atagunditsa yachiwiri mofananamo, koni inalowa m'kati. Mwiniwake anali atasemphanitsa waya wa pozitivu ndi wa negetivu, choncho ina ikamakankha mpweya inzake inkaukoka, mphamvu n'kuthera pomwepo. Anatembenuza mawaya awiri okha, galasi lakumbuyo n'kuyamba kunjenjemera. Pa maampu ambiri palinso kaswichi kolembedwa 0 ndi 180, kamene kamachita zofananazo pakati pa sabuwufa ndi masipika a m'zitseko, ndipo ana amakonda kukaseweretsa.

Bamboyo anaima kakasi. Kenaka anamukokera mmisiri pambali, mawu atatsitsa.

"Kabatire kanuko mungandibwereke mpaka mawa? Ndikufuna ndikayese kunyumba."

* * *

Pali anyamata okhulupirira manambala. Wina anabwera ndi ampu yonyezimira, yolembedwa 5000 W m'zilembo zowerengeka munthu ali patsidya pa msewu, akudandaula kuti ikulephera kudzutsa sipika yake yokalamba. Mmisiri anasolola fyuzi ya ampuyo. Inali ya 20 A. Anatola kamtengo n'kulemba padothi: 20 kuchulukitsa ndi 14, yankho 280. Mphamvu imene chipangizocho chingamwe kwa nthawi yaitali fyuzi isanapse ndi yomweyo, ndipo ina mwa iyo imathera m'kutentha.

"Nanga 4,720 enawo ali kuti, amisiri?"

"Ali pakatoni, achimwene. Katoni munataya?"

Waya wake nayenso anali wa chikomekome cha mkuyu. Kunja wonenepa, m'kati pulasitiki yekhayekha ndi tinsinga towerengeka. Mmisiri atapala tinsingato ndi mpeni, kufiira kwa kopa kunachoka n'kutsala aluminiyamu woyera, amene sanyamula magetsi ngati kopa wa kukula komweko. Mnyamatayo anapempha kuti amubwezere fyuzi yake, akafunse bwino kumene anagula.

* * *

Mwini chapa ina ankadandaula kuti besi yake imatopa ndi tsiku. M'mawa imagunda bwino, masana yayamba kulefuka, madzulo ikungopuma. Mmisiri anayambira poyenera kuyambira: ampu ikatentha kwambiri, makamaka ikapanikizidwa ndi matumba a chimanga popanda podutsa mpweya, imadziteteza pochepetsa mphamvu kapena kuzimiratu, kagetsi kofiira n'kuyaka. Anaikhudza, inali yongofunda. Kenaka anapisa dzanja m'chibowo cha bokosi.

Chibowo chimenecho si chokongoletsera. Kukula ndi kutalika kwake amachita kuwerengera, kuti mpweya wa m'menemo uzigwedezeka mothandiza sipika pa mawu okhuthala kwambiri. Masamu ake anawalongosola Neville Thiele wa ku Australia mu 1961, ndipo Richard Small anadzawawonjezera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Chikatsekeka, besi ya pansi penipeni imachepa. Kawirikawiri otseka amakhala makoswe, ndi chisa cha mapepala ndi makoko a mtedza. Apa mmisiri anasolola sokosi. M'sokosimo munali mametikali opindidwa mwaluso, ndi makwacha a ku Zambia pang'ono. Zikuoneka kuti sokosiyo inkanenepa pa siteji iliyonse.

Maso onse anagwera kondakitala.

"Bwana, ndimakusungirani inu. Masiku ano akuba achuluka."

"Nanga chiyambire Januwale bwanji sunandipatseko?"

"Simunafunse, bwana. Inu mumangofunsa za besi."

* * *

Chaka chilichonse chakumapeto kwa Ogasiti, Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amakakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. A ku Chifunde salephera, kwa iwo ndi kungodumpha malire. Akuti lole ina yonyamula gulu la ovina inagona panjira tayala litaphulika, ndipo anyamata anayatsa nyimbo kuti usiku ufupike. Sabuwufa inkalira mopepera.

M'gulumo munali agogo ena, katswiri wa ng'oma, amene manja awo akhala pa mbalule kuyambira nthawi ya atsamunda achipwitikizi, dziko lisanalandire ufulu mu 1975. Anatchera khutu, n'kunena kuti matendawa ndi aang'ono. Ng'oma ikalefuka amaiwamba pamoto kuti chikopa chikungike, ikafunika kulira mokhuthala amaimata phula pakati. Anyamatawo, pokhala ana oleredwa bwino, sanatsutse akuluakulu. Anatsitsa bokosi, agogo anamata phula pakati pa koni, n'kuliyandikizitsa kumoto wa mapesi, akuligogoda ndi chala kuti amve ngati lakungika.

Ndiwaikire kumbuyo agogowa pang'ono: theka la nzeru yawo linali loona. Kulemeretsa koni kumatsitsadi mawu ake monga zimachitikira pang'oma, kungoti sipikayo imafuna mphamvu yochuluka kuti iyende, phokoso n'kuchepa. Linavuta ndi theka linalo. Guluu anasungunuka, mkombero unakwinyika, pakati panayamba kufuka.

Pobwerera anadzera pamango paja. Agogo sanaoneke ngati munthu wolakwa. Anali ndi funso.

"Mdzukulu wanga, chikopa chimenechi n'cha nyama yanji? Sichipirira moto."

"Si chikopa, agogo. Ndi pepala lolimbitsidwa."

"Pepala?" Anatembenukira kwa mwini lole. "Ndalama zonse zija za fodya, unakagula ng'oma ya pepala?"

Mmisiri anayesa kuiteteza. Anati sipika ya koyilo ndi maginito si chinthu chachibwana, anailongosola Chester Rice ndi Edward Kellogg ku America mu 1925, ndipo pepala lakhala likugwira ntchito imeneyi chiyambire.

"Chaka chake ukuchidziwa, eni akenso ukuwadziwa," anatero agogo. "Nanga mbalule anaiyamba ndani, chaka chanji?"

Mmisiri anakanda m'mutu.

"Waona. Yakoyo idakali yakhanda."

* * *

Kabatani kolembedwa gain kapha masipika ambiri kuposa ukalamba. Si ka voliyumu. Ntchito yake ndi kugwirizanitsa mphamvu yochokera ku wailesi ndi imene ampu ikuyembekezera. Koma besi ikafooka pa chifukwa china chilichonse, dzanja la dalaivala limathamangira pomwepo. Ampu imayamba kutulutsa mawu ophwanyika, koyilo imatentha, vanishi wake n'kupsa. Chapa ina inaima pakati pa ulendo anthu akulozana zala chifukwa cha fungo. Ena anati ndi mayi wonyamula mbaula, ena anati ndi mnyamata wa ndudu, mlaliki wina anati ndi chenjezo la kumene ochimwa akupita. Dalaivala anatsitsa onse n'kusecha katundu mmodzimmodzi. Palibe anaona kuti nyimbo inali itasiya.

Kuyeza kwake n'kwachidule. Mukakankha koni ndi zala mofanana mbali zonse n'kumva ikukhula khwee, khwee, koyilo yapsa. Pa mita, sipika yamoyo ya 4 ohm imaonetsa pakati pa 3 ndi 4. Ikapanda kuonetsa kanthu, yaduka m'kati. Mmisiri sanafike n'komwe pa mita. Anangonunkhiza, n'kuvula chipewa.

"Ine ndinangokweza pang'ono," anatero dalaivala, akutulutsa kabataniko m'thumba. Kanathyokera m'manja.

* * *

Mkamwini wina ankaimika galimoto pafupi ndi khomo la apongozi ake aakazi, ndipo Loweruka lililonse ankaitsuka nyimbo zili pamwamba: ayambe ndi Black Missionaries, apite kwa Lucius Banda, atsirize ndi za ku Lusaka. Tsiku lina besi inangosowa. Anasintha fyuzi. Anagula mawaya a RCA atsopano. Anakwera mpaka kumzinda wa Tete kukagula ampu ina, ulendo wodya tsiku ndi ndalama. Palibe chinasintha.

Kwa mmisiri anafika ndi kamlamu kake, kamtsikana ka pulayimale kamene kankakonda kukwera nawo. Mmisiri sanatsegule kumbuyo. Anakhala pampando wa dalaivala n'kuyamba kudinadina wailesi. Anafotokoza kuti mawailesi ambiri, batire likachotsedwa, monga akalibwereka anthu oonera mpira, amaiwala zimene mwini anatchera n'kubwerera mmene anachokera kufakitale, mwina sabuwufa ili yozimitsa. Mkamwini anati batire lake salibwereketsa, ngakhale pa maliro. Mmisiri anapitiriza kusaka, koma wailesiyo inali yachilendo kwa iye, akulowa uku n'kutulukira uko.

Kumbuyo kunamveka timawu: "Si pamenepo, amisiri. Dinani kawiri kumanzere, kenako mutsike."

Anadina kawiri kumanzere, anatsika. Panalembedwa OFF.

Kamtsikanako kanaulula mosavuta. Amayi ake ankakalipira mandasi awiri pa sabata, ntchito yake kuonetsetsa kuti pamenepo pasasinthe. Tsopano mkamwini angatani? Apongozi sayankhula nawo maso ndi maso, munda akulima ndi wawo, ndipo akale anati mkamwini asamakule mwendo. Anapuma mozama.

"Amisiri, bwezeretsani pomwe panali. Mungondionetsa poyatsira, ndizidina ndikaoloka mtsinje wa Luia."

"Ine ndikuonetsani, alamu," kanatero kamtsikana. "Mandasi atatu."

* * *

Dalaivala wina wa Hiace ankanyadira kuti nyali za galimoto yake zimavina. Besi ikagunda usiku, zakutsogolo zinkaphethira motsatira nyimbo. Mmisiri anamuuza kuti kumeneko si kuvina, ndi njala. Batire labwino limaonetsa 12.6 V injini itazima, ndipo ikamalira alitaneta iyenera kukweza kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4 V, zikatsika pamenepo, ampu ndi nyali zimalimbirana chakudya. Dalaivalayo anagula batire lina, nyali zinasiya gule. Koma patapita miyezi kunabuka matenda ena achilendo: besi inkabwera n'kumapita mwa kufuna kwake.

Anatulukira chinsinsi ndi kondakitala, amene ntchito yake ndi kuloweza nkhope. Besi inkagunda bwino pokhapokha mayi wina wageni, wokaoda katundu ku Cassacatiza, akakhala pampando wakumbuyo, pakona yakumanzere. Mayiwa Mulungu anawadalitsa ndi thupi. Akatsika, besi inkatsika nawo. Anayesa kukhazikapo ana asukulu awiri, sizinatheke. Anayesa thumba la chimanga la makilogalamu 50, inangoyesako pang'ono.

Dalaivala sanafune kudziwa zambiri.

"Amayi, inu musamalipire. Malo anu ndi apo, wina asakhalepo."

Chapa inayamba kumawadikira pakhomo, anthu ena akuphikika m'kati. Mayiwo nawo anazolowera. Anayamba kusankha nyimbo. Posakhalitsa katundu wawo nayenso anasiya kulipira. Mphekesera zinafika kwa mkazi wa dalaivala, amene sanakhutire ndi yankho loti nkhaniyi ndi ya zamagetsi. Ndi iyeyo amene anabweretsa galimoto pamango, atakhala kutsogolo manja ali pachifuwa, mwamuna akuyendetsa mwakachetechete.

Mmisiri anagwada n'kusuzumira pansi pa mpando. Waya wa negetivu wa ampu anali atamangiriridwa pa bawuti ya mwendo wa mpandowo. Mpando unkazulidwa kawirikawiri nthawi yonyamula chimanga, bawuti inakhwepa, ndipo pansi pake panali penti ndi dzimbiri. Magetsi olowa mu ampu amabwerera kubatire kudzera m'chitsulo cha galimoto, ndipo njira yobwererayi ikavuta ampu imakhala ndi njala ngakhale batire likhale la dzulo. Munthu wolemera akakhala pakonapo, mwendo wa mpando unkafinyira wayayo pachitsulo, njira n'kutseguka. Mmisiri anapala malowo ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala, anafupikitsa waya, anaika washa, anamanga zolimba, n'kupaka girisi pamwamba kuti dzimbiri lisabwerere. Besi inagunda mpando uli wopanda munthu. Mkazi wa dalaivala analipira ndi ndalama za m'chitenje mwake, n'kuwonjezerapo ya madzi akumwa.

M'mawa mwake mayi wageni anauzidwa mtengo wa ulendo, wa iwo ndi wa katundu. Sanakangane. Analipira, n'kufunsa mwaulemu chimene chinakonzedwa. Kondakitala, pofuna kuoneka wodziwa, anawafotokozera zonse bwinobwino, za penti, za dzimbiri, mpaka kuwalozera bawutiyo.

Patatha sabata ziwiri dalaivala anatulukiranso, yekha, besi ikunong'ona. Mmisiri anagwada. Bawuti inali itamasulidwa n'kumangidwanso mwaukhondo, ndipo pansi pa waya panali penti watsopano wobiriwira, mtundu womwewo wa chitseko cha kagolosale ka mayi aja.

"Ndipale, achimwene?"

"Dikirani kaye, amisiri. Ndikayambe ndafunsa kunyumba."